Kusamutsa kompyuta ya pakhomo kuchoka pa Windows 10 kupita pa Linux Mint osadanitsa anthu mnyumba

Kuyambira pa 14 Okutobala 2025 a Microsoft anasiya kutumiza ma apudeti aulere a chitetezo pa Windows 10. Kompyuta siinazime tsiku limenelo ayi, ikuyakabe bwinobwino ndipo idzayakabe, kungoti mabowo atsopano akapezeka palibenso owatseka, ndiye pa kompyuta yomwe mayi amalowerapo ku banki, mwana amadawunilodapo magemu a uku ndi uku, bambo amabaya flash iliyonse yomwe abwera nayo kuchokera ku ntchito, nkhani imeneyo siyoseketsa. Anaikapo njira yolipira madola 30 kuti uwonjezere chaka chimodzi mpaka pa 13 Okutobala 2026, komanso ena amaipeza ulere akalumikiza akaunti ya Microsoft, koma chaka chimodzi chimatha ngati dzulo. Windows 11 nayo ili ndi matama ake, imafuna kachipu ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, RAM ya 4GB, malo a 64GB, ndipo purosesa ikhale Intel ya 8th generation kupita mtsogolo kapena Ryzen 2000 kupita mtsogolo. Nde ma HP ndi ma Dell a kaunjika omwe ambirife tili nawo m'makomomu, a i5 ya 3rd kapena 4th generation aja, amangokanidwa pakhomo pomwepo ngakhale akugwira ntchito ngati atsopano.

Zotheka zilipo zingapo. Mutha kugula ina ngati thumba likulola, mutha kukakamiza Windows 11 pogwiritsa ntchito Rufus, pulogalamu yokonzera flash yoyikira Windows kapena Linux, yomwe imadumpha zoyezayezazo koma a Microsoft sanalonjeze kuti makina otere adzalandirabe ma apudeti, kapena mutha kusamukira pa Linux, yomwe imayendetsa kompyuta mmalo mwa Windows ndipo ili ndi mitundu yambiri. Ine ndikamba za Linux Mint chifukwa pa ma Linux onse imeneyi ndi yomwe munthu wozolowera Windows sasochera nayo kwambiri, menyu ili pansi kumanzere pomwe panali Start paja, wotchi kumanja, mafoda amaoneka ngati mafoda. Ndi yaulere, palibe za kiraki kapena uthenga uja wa Activate Windows womwe umangokhala pakona pa sikirini zaka zitatu. Mint 22 inatuluka mu Julaye 2024, inamangidwa pa Ubuntu 24.04 ndipo ma apudeti ake afika mpaka 2029.

Koma ndinene poyambirira, kuyika Mint kwenikweniko ndi ntchito ya theka la ola, sipamene anthu amagwera. Pogwera ndi pa anthu a mnyumba. Kompyuta ya iwe wekha utha kuifomata usiku nkumadzilirira wekha mmawa, koma ya banja ili ndi eni ake anayi kapena asanu ndipo aliyense ali ndi kanthu kamodzi kamene kakasowa basi Linux yonse ndi yoipa ndipo iweyo ndiwe mfiti. Choncho gawo lalikulu la ntchitoyi limachitika musanakhudze nkomwe flash yoyikira Mint.

Yambani ndi kufunsa, ndipo musakhulupirire yankho loyamba

Mukawafunsa anthu kuti mumagwiritsa ntchito chani pa kompyutapa, onse amayankha chimodzimodzi, “aaa ine ndi intaneti basi.” Bodza limenelo, osati ladala koma anthu sadziwa dzina la zomwe amadina. Njira yabwino ndi kukhala nawo pambali mmodzimmodzi nkuwauza kuti “tapangani zomwe mumapanga masiku onse ndione.” Mupeza kuti mayi ali ndi fayilo ya Excel ya banki mkhonde yokhala ndi ma fomyula omwe wina anawapangira kalekale, bambo amalemba pulogalamu ya ku tchalitchi pa Publisher Loweruka lililonse, achimwene amasakaniza nyimbo za pa ukwati kapena kupanga ma poster pa Photoshop, ndipo mwana wa Fomu 3 uja homuweki yake ya kompyuta amafuna Access chifukwa ndi yomwe aphunzitsi akuonetsa mkalasi. Lembani zonsezo papepala, dzina la munthu ndi pulogalamu yake.

Kenako muone pepalalo moona mtima. Zapa brawuza zonse zimayenda popanda vuto, Facebook, YouTube, Gmail, WhatsApp Web, banki, ma fomu a pa intaneti ofunsira ntchito kapena sukulu. Firefox imabwera kale mkatimo, Chrome mutha kuyikapo, Zoom ilipo ya Linux, VLC ilipo. Za Word, Excel ndi PowerPoint zimatsegulidwa ndi LibreOffice yomwenso imabwera kale, makalata wamba ndi ma sheet owerengera ndalama amayenda bwino, koma fayilo ya Excel yokhala ndi ma macro ambiri kapena CV yokongoletsedwa ndi timabokosi nthawi zina imasokonekera maonekedwe. Zomwe sizimayenda mosavuta ndi Photoshop ndi anzake a Adobe, Microsoft Office yeniyeniyo yoyika pa kompyuta, Access, iTunes, QuickBooks ya pa desktop, komanso magemu ngati Fortnite ndi Valorant omwe zotchingira ochita chinyengo posewera zimakana Linux. Mumva anthu akunena kuti ingoyikani Wine, pulogalamu yoyendetsera mapulogalamu a Windows pa Linux, zonse zitheka, eya zina zimathekadi koma musalonjeze munthu amene amadyera pa Photoshop kuti zikhala bwino, GIMP, yokonzera zithunzi pa Linux, ndi yabwino koma manja ake anazolowera kwina ndipo kasitomala sadikira kuti aphunzire.

Pepala limenelo ndi lomwe likuuzeni chochita. Ngati onse ndi brawuza ndi makalata, chotsani Windows yonse. Ngati pali mmodzi yekha amene ntchito yake kapena mayeso ake atsamira pa pulogalamu ya Windows, musalimbane naye, siyani Windows pambali nkuyika Mint pafupi nayo, zomwe amati dual boot, poyatsa munthu amasankha kolowa. Ine pa kompyuta ya banja ndimakonda kuyamba ndi dual boot nthawi zonse ngati disiki ili ndi malo, chifukwa anthu akadziwa kuti chakale chilipobe mtima umakhala m'malo ndipo amayesa chatsopanocho mosanyinyirika.

Bakapu, apa mpomwe muchedwepo

Pezani hard drive yakunja kapena ma flash akuluakulu, bwerekani ngati mulibe, ndipo musayambe kalikonse musanakope. Lowani mu C: kenako Users, mmenemo muli foda ya munthu aliyense amene ali ndi akaunti, ndipo mu foda iliyonse mukope Desktop, Documents, Pictures, Videos, Music komanso Downloads. Downloads yo musaipeputse, anthu ambiri ndi momwe amasungira moyo wawo onse, satifiketi ya sukulu, ma payslip, zithunzi za chinkhoswe zomwe wina anatumiza, zonse zili mmenemo pakati pa ma setup akale ndi nyimbo zobwerezabwereza. Onaninso pa C: penipenipo ndi pa D: ngati ilipo, pamakhala mafoda a mayina ngati New folder 3 kapena “zanga osakhudza” omwe mwini wake anaiwala koma adzawakumbukira tsiku lomwe mwafufuta.

Chenjerani ndi OneDrive. Fayilo ikakhala ndi kachizindikiro ka mtambo pambali ndiye kuti pa kompyutapo palibe, pali dzina lokha, zenizenizo zili pa intaneti. Dinani kumanja pa fodayo musankhe Always keep on this device, mudikire zitsike kenako mukope, kapena mutsimikize kuti mwini wake akudziwa imelo ndi pasiwedi ya akaunti ya Microsoft imeneyo.

Ndipo nkhani ya ma pasiwedi ndi imene imamaliza anthu kuposa zithunzi. Mnyumba zambiri palibe amene amadziwa pasiwedi yake ya Facebook kapena Gmail, Chrome ndi yomwe imakumbukira, munthu anailemba kamodzi mu 2018 basi. Mukafomata zapita, ndipo nambala ya foni yomwe analembetsera mwina SIM yake inatayika kale. Ndiye munthu aliyense alowe mu Chrome ndi akaunti yake ya Google ndi kuyatsa sync, kapena mupite ku Password Manager mu ma settings mutulutse ma pasiwedi ngati fayilo ya CSV, ma bookmark nawo chimodzimodzi. Fayilo ya CSV yo imawerengeka ndi aliyense ngati kalata, choncho mukamaliza kuilowetsa kwatsopanoko ifufuteni, isamangoyendayenda pa flash. Amene amagwiritsa ntchito Outlook ya pa kompyuta mumufunire fayilo yake ya PST. Lembaninso pasiwedi ya Wi-Fi kapena MiFi papepala.

Mukamaliza kukopa, itanani aliyense atsegule yekha zinthu zake kuchokera pa hard drive yakunjayo, aone ndi maso ake nkuvomera kuti zonse zilipo. Zikuoneka ngati mwambo wopanda pake koma tsiku lina wina akadzati chithunzi cha agogo chasowa, mudzakhala ndi ponena. Kenako zulani hard drive yo muyiike kutali ndi tebulo, isakhale yobayidwa nthawi yoyika Mint, ndi zophweka kwambiri kusankha disiki yolakwika pa sikirini yoyikira.

Chinanso, onani ngati disiki ili ndi BitLocker kapena Device encryption, ma laputopu ena makamaka ochokera m'maofesi amabwera itayatsidwa mwini wake osadziwa. Ngati ilipo sungani recovery key yake, ndi manambala 48, imapezeka mu akaunti ya Microsoft, ndipo ngati mukupanga dual boot ndi bwino kuithimitsa kaye nkudikira imalize. Mukapanda kutero mutha kusintha kanthu kamodzi mu BIOS, ma settings aja omwe mumalowamo kompyuta ikangoyaka, Windows nkukufunsani manambala amenewo pa sikirini ya buluu inu mulibe.

Flash ndi kuyesa kaye

Pitani pa linuxmint.com mudawunilode ISO, fayilo imodzi yomwe muli Mint yonse, osati pa ma link a m'magulu a WhatsApp. Ndi pafupifupi 3GB ndiye konzekerani bandulo, ya usiku ija ya Airtel kapena TNM imathandiza, kapena mupemphe mnzanu wa Wi-Fi ya ku ofesi. Pali mitundu itatu, Cinnamon, MATE ndi Xfce. Ngati RAM ndi 4GB kupita mmwamba tengani Cinnamon ndi yokongola komanso yosavuta, ngati ndi 2GB kapena makinawo ndi okalamba kwenikweni tengani Xfce. Eni ake amati 2GB ndi malo a 20GB ndi poyambira koma 4GB ndi 100GB ndi pomwe munthu umapuma bwino. Netiweki ikamadukaduka fayilo imatha kutsika yoperewera, pa tsamba lomwelo pali manambala a SHA256 ofananitsira, kapena gwiritsani ntchito torrent yawo yomwe imapitiriza pomwe inalekera ndipo imadziyeza yokha.

Mufunika flash ya 8GB yopanda kanthu chifukwa ifufutidwa yonse. Yikani Rufus kapena balenaEtcher, sankhani ISO, sankhani flash, dinani, dikirani. Kungokopera ISO pa flash ngati nyimbo sikugwira ntchito ayi. Pa Rufus akufunsani za GPT kapena MBR, kuti mudziwe lembani msinfo32 pa Start muone pomwe alemba BIOS Mode, ikati UEFI sankhani GPT, ikati Legacy sankhani MBR.

Tsopano thimitsani kompyuta, bayani flash, yatsani nkumadinadina batani la boot menu. Pa HP ndi F9 kapena Esc, pa Dell ndi Lenovo ndi F12, Acer nayonso F12 ngakhale nthawi zina umayenera kuiyatsa kaye mu BIOS, Asus ndi Esc kapena F8. Sankhani flash yanu ndipo pakapita kanthawi muona desktop ya Mint. Apa simunayike kalikonse, zonse zikuyendera pa flash, Windows ili phee mkatimo osakhudzidwa, mukazula flash nkuyatsanso zonse zibwerera mwakale. Zili ngati kuyesa nsapato pa msika musanalipire, ndiye yendani nayo ndithu osangoiyang'ana.

Yesani Wi-Fi, mawu, kamera, Bluetooth, mabatani owonjezera kuwala, bayani foni ndi chingwe muone ngati zithunzi zikuoneka, ndipo koposa zonse bayani printa musindikize tsamba limodzi. Ma HP ambiri ndi ma Epson ambiri amangodziwika okha osafuna CD, koma pali ena amakani, ngati Canon LBP2900 ija yodzaza m'ma stationery, imafuna dalaivala wake wa CAPT ndipo imatha kukudyerani tsiku. Ngati printa ndi yomwe imabweretsa ndalama ya ndiwo pakhomopo, imeneyo yokha ndi chifukwa chokwanira chosiyira Windows pambali. Wi-Fi ikapanda kuoneka musataye mtima, kawirikawiri ndi kadi ya Broadcom, mukamaliza kuyika mudzabaya foni ndi chingwe nkuyatsa USB tethering, kenako Driver Manager idzakupezerani dalaivala.

Itananinso anthu aja. Mayi atsegule Excel yawo ya banki mkhonde mu LibreOffice aone ngati ma total akufanana, bambo ayese fayilo ya Publisher mu LibreOffice Draw, imatseguka ngakhale siikhala ndendende. Auzeni kuti kuchedwa komwe akuonako ndi chifukwa cha flash. Ndipo musawachititse lekichala ya mbiri ya Linus Torvalds yemwe anayambitsa Linux mu 1991, palibe akufuna kumva zimenezo, akufuna aone pomwe pali YouTube.

Kuyika kwenikweni

Ngati ndi dual boot, bwererani kaye mu Windows mukonze ziwiri. Choyamba thimitsani Fast Startup, ili mu Control Panel, Power Options, Choose what the power buttons do. Ikakhala yoyaka Windows siimazima kwenikweni, imangogona, ndiye Mint imakana kulemba pa disiki yake. Chachiwiri tsegulani Disk Management, dinani kumanja pa C: musankhe Shrink Volume mupatule malo, 60GB ndi yoyambira koma 100GB ndi yabwino pa banja, malo amenewo muwasiye opanda kanthu osawafomata.

Za magetsi mukuzidziwa kale. Laputopu ikhale yodzaza batire ndi chaja chili mkati, desktop yopanda UPS musaiyambe nthawi yomwe dera lanu amakonda kuthimitsa, magetsi akapita pakati pogawa disiki ndi pomwe zinthu zimaonongekeratu. Ndipo musapange izi usiku woti mawa mwana akupereka asayimenti kapena Loweruka madzulo pulogalamu ya tchalitchi isanasindikizidwe, sankhani tsiku lomwe palibe akuithamangira.

Yatsaninso ndi flash, dinani Install Linux Mint. Pa kiyibodi samalani pang'ono, makompyuta ambiri obwera kuchokera ku UK ali ndi kiyibodi ya English UK, mukasankha US mupeza kuti @ ndi " zasinthana malo ndipo bambo adzalephera kulemba imelo yawo nkumati kompyuta yaonongeka. Pali kabokosi koyesera pomwepo, lembanimo @ muone. Chongani pa multimedia codecs kuti mavidiyo ndi nyimbo zonse zizisewera. Ngati Secure Boot ndi yoyaka akupemphani pasiwedi yakanthawi, ndipo poyatsa koyamba kubwera sikirini ya buluu, musankhe Enroll MOK nkulemba pasiwedi yomweyo, zimachitika kamodzi kokha.

Kenako ikubwera sikirini yomwe muyenera kuwerenga kawiri. Install Linux Mint alongside Windows Boot Manager ndiye dual boot. Erase disk and install Linux Mint ndiye kufufuta zonse, Windows, D:, zithunzi, chilichonse pa disiki imeneyo, ndipo palibe kubweza. Something else isiyeni ngati simunagawepo disiki ndi manja. Mukaona kuti mawu a alongside sakuoneka pomwe Windows ilipo, imani pomwepo osapitiriza, kawirikawiri ndiye kuti flash mwaiyatsa mwa Legacy pomwe Windows ili pa UEFI, kapena BitLocker ikadali yoyaka. Makina ena amabisa disiki chifukwa cha Intel RST, kuisintha kupita pa AHCI mu BIOS kumatheka koma Windows imafuna kukonzedwa kaye apo ayi imakana kuyaka, apa ngati simuli otsimikiza funsani wodziwa.

Pa mapu dinani pa Malawi patuluke Blantyre, lembani dzina ndi pasiwedi, dikirani, ikamaliza ikuuzani muzule flash ndi kudina Enter.

Sabata yoyamba, pomwe anthu amaweruzira

Akaunti yomwe mwapanga poyika ija ndi ya administrator, imeneyo ikhale yanu kapena ya munthu wamkulu mmodzi. Pitani ku Users and Groups mupangire aliyense yake ya Standard ndi pasiwedi yake. Izi pa Windows mabanja ambiri sankapanga, onse ankalowera pa akaunti imodzi yolembedwa User kapena dzina la mwini wake wakale wa ku Birmingham, nchifukwa chake WhatsApp Web ya achemwali inkangotseguka pamaso pa aliyense ndipo desktop inali ngati msika. Pano aliyense akhala ndi desktop yake, brawuza yake, mafoda ake, ndipo wa Standard sangayike kapena kuchotsa mapulogalamu a makina onse popanda pasiwedi yanu. Ana adzakupemphani pasiwediyo, adzachonderera, musawapatse. Koma ilembeni papepala mupatse mayi kapena bambo asunge, chifukwa inu mutha kupita ku Joni kapena ku koleji nkusiya nyumba yonse itakhomeredwa kunja.

Bwezerani mafayilo a munthu aliyense mutalowa mu akaunti yake, osati kukopera zonse muli mu yanu kenako nkumasuntha, mukatero mafayilo amakhala a dzina lanu ndipo mwini wake adzaona tizithunzi ta loko nkulephera kusintha kalata yake yomwe. Za banja lonse ngati zithunzi za maukwati ndi nyimbo, pangani foda imodzi ya onse. Tsegulani Terminal, pulogalamu yolembamo ma command, mulembe sudo mkdir /home/zatonse kenako sudo chmod 1777 /home/zatonse, zikatero aliyense atha kuyikamo ndi kuona za anzake koma sangafufute zomwe sanayike yekha, zomwe pa nyumba ya ana ndi mpumulo waukulu.

LibreOffice muikonze tsiku loyamba lomwelo ndipo mu akaunti iliyonse. Yokha imasunga mu ODT, ndiye mwana akapita nayo ku stationery kapena kutumiza kwa aphunzitsi ena amadabwa nayo. Pitani Tools, Options, Load/Save, General, pomwe alemba Always save as musankhe Word 2007 kupita mtsogolo pa makalata, Excel pa ma sheet, PowerPoint pa ma slide. Yikaninso ttf-mscorefonts-installer kuchokera mu Software Manager kuti Times New Roman ndi Arial zipezeke, apo ayi masamba amasuntha, kalata ya tsamba limodzi nkukhala limodzi ndi mizere iwiri. Ndipo aphunzitseni onse kabatani ka Export as PDF, chilichonse chokasindikiza kunja kapena CV yotumiza chizipita ngati PDF, palibenso zosokonekera.

Pa desktop ya munthu aliyense ikanipo zinthu zake zitatu kapena zinayi zomwe munalemba papepala paja. Mint ili ndi kapulogalamu kotchedwa Web Apps komwe kamasandutsa tsamba kukhala ngati app, ndiye WhatsApp, Facebook ndi YouTube zitha kukhala ndi zizindikiro zawo zongodina. Kwa akuluakulu kulitsani zilembo mu Font Selection kapena Accessibility. Tizinthu timeneti ndi tomwe timapangitsa mayi kunena kuti “komatu iyi ikuthamanga” mmalo moti “mwaipanga chani kompyuta yanga.”

A dual boot muona zachilendo ziwiri. Poyatsa pazibwera menyu yakuda yotchedwa GRUB, mukapanda kudina kanthu kwa masekondi 10 imalowa mu Mint yokha, ndiye muwaonetse achimwene a Photoshop aja kuti atsike ndi kamuvi nkusankha Windows Boot Manager. Ngati mukufuna izikumbukira komwe munthu analowa komaliza, mu fayilo ya /etc/default/grub ikani GRUB_DEFAULT=saved ndi mzere wina GRUB_SAVEDEFAULT=true kenako sudo update-grub. Chachiwiri ndi wotchi, mukachoka mu Mint kulowa mu Windows mupeza nthawi yabwerera mmbuyo ndi maola awiri, si batire ya CMOS ayi, nkuti Linux imasunga nthawi ya UTC pomwe Windows imayembekezera ya kwanuko, ndipo ife tili maola awiri kutsogolo kwa UTC. Mu Terminal lembani timedatectl set-local-rtc 1 nkhani yatha. Komanso mugwirizane mnyumba kuti Windows yotsalayo ndi ya pulogalamu ija yokha, za banki ndi zoyendayenda pa intaneti zizichitikira ku Mint, chifukwa Windows 10 yo ikadali yopanda ma apudeti ngakhale ili pambali.

Yatsani Timeshift, Welcome Screen ikukumbutsani. Imajambula momwe makina alili kuti apudeti ikasokoneza mubwerere mmbuyo, koma dziwani kuti siisunga zithunzi ndi makalata a anthu pokhapokha mutaiuza, ndiye hard drive yakunja ija ntchito yake siinathe. Yatsaninso firewall, ndi kudina kamodzi. Ma apudeti amaoneka ndi kachishango pansi kumanja ndipo amadikira inu, samangoyamba okha kudya bandulo pakati pa mwezi kapena kuzimitsa kompyuta munthu ali mkati molemba, ndiye sankhani tsiku limodzi pa sabata kapena ziwiri lomwe muli ndi data muwapange, koyamba amakhala ambiri ndithu. Mapulogalamu azichokera mu Software Manager, ma .exe aja sagwira kuno, zomwe zikutanthauzanso kuti vayilasi ya shortcut ija yomwe imabwera ndi flash kuchokera ku stationery siigwira. Muziona timafayilo take tili poyera pa flash nkutifufuta, ndipo mafoda omwe inabisa aja amaoneka onse. Izi sizikutanthauza kuti wina sangakubereni pasiwedi ndi link yabodza, zimenezo sizisankha kuti uli pa Windows kapena Linux, ndipo muwauze ana kuti asamakope ma command oyamba ndi sudo kuchokera pa intaneti osadziwa chomwe akuchita.

Ngati kompyuta ikuchedwabe ngakhale pa Mint, nthawi zambiri vuto ndi hard disk yakale yozungulira ija, kuyikamo SSD ngakhale ya 240GB kumasintha makina kuposa china chilichonse. Ndipotu kwa amene angakwanitse imeneyi ndi njira yotetezeka kuposa zonse zomwe ndakambazi, chotsani disiki ya Windows muisunge mu kabati momwe ilili, Mint muiyike pa SSD yatsopano, zikakanika mumangobwezera yakaleyo.

Pakatha mwezi kapena iwiri funsani kuti ndani walowa mu Windows komaliza ndipo amakatani. Ngati palibe, kopaninso zotsalira mmenemo kenako mutha kufufuta gawo lakelo ndi pulogalamu yogawira disiki ya GParted nkupatsa malowo mafayilo a banja. Ngati wina akuifunabe isiyeni, siikulira chakudya. Ndipo zikavuta mpaka banja lonse likufuna kubwerera, laisensi ya Windows 10 pa makina ambiri inamatiriridwa ku motherboard, mukaiyikanso mtundu omwewo, Home kapena Pro, imadziyatsa yokha ikalumikizidwa pa intaneti.

Flash ya Mint ija musaifomate kuti muyikemo nyimbo, imateni kapepala muilembe dzina muisunge. Nthawi zina apudeti ya Windows kapena kusintha kwa BIOS kumapangitsa kuti menyu ya GRUB isaoneke, kompyuta nkumangolowa mu Windows ngati Mint kulibe, anthu nkuyamba kukuwa kuti mafayilo apita. Sanapite. Yambani mwadina batani la boot menu lija, F9 kapena F12, musankhe ubuntu, ndi dzina lomwe Mint imaoneka nalo pamenepo pa makina ambiri, kenako mu BIOS muikweze pamwamba pa Windows Boot Manager. Zikakanika yatsani ndi flash ija, mu menyu muli pulogalamu yotchedwa Boot Repair, dinani Recommended repair mudikire imalize, zulani flash nkuyatsanso.